Amuna anga akuti ndikaname kumpingo, ati mkazi wabwino amamvera

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 38, ndakhala pabanja zaka 16 ndipo tili ndi ana anayi. Ine ndi amuna anga tinadziwana kukwaya, ukwati tinamangitsa kutchalitchi. Bambo a kunyumbawa samwa mowa, za zibwenzi sindinawamverepo, ndipo kumpingo kwathu amawalemekeza kwambiri. Zaka zitatu zapitazo anawasankha kukhala msungichuma wa komiti yomanga tchalitchi chatsopano. Khoma linatha, chatsala ndi denga. Akhristu akhala akusonkha ndalama za malata, ena kugulitsa nkhuku, ife amayi a m'bungwe kukalima maganyu m'minda ya anthu. Zonse zinakwana K4,800,000 ndipo zimasungidwa kwathu, m'sutikesi pansi pa bedi.

Sabata yatha, usiku ana atagona, anandiuza kuti m'sutikesimo mwatsala K600,000 yokha. Anayamba ndi kutapa pang'ono fizi ya mwana wathu wa Fomu 3, ati abweza akagulitsa soya. Kenako kunagwa maliro a mayi awo: bokosi, galimoto, chakudya cha anthu. Ataona kuti dzenje lakula, anatenga zochuluka n'kupatsa mnzawo wina kuti akagule soya kumidzi, adzagulitse mtengo ukakwera, phindu lake litseke dzenjelo. Mnzawoyo lero foni yake sikupezeka, akuti analowera ku Joni.

Komiti ikumana Loweruka la sabata ya mawa kuti akagule malata. Amuna anga akuti Lachitatu madzulo, ine ndi ana tikapita ku mapemphero a m'dera, athyola okha loko wa chitseko, amwaza zovala, kenako tikabwerako tikuwe kuti kwalowa akuba. Ine ntchito yanga ndi kulira ndi kuchitira umboni kwa abusa ndi kupolisi. Nditafunsa kuti nanga anthu akaganizira mnyamata amene amatithandiza kumunda, yemwe amagona m'khitchini, anati apolisi akamusunga masiku awiri amutulutsa poti umboni sakaupeza.

Nditakana, anatsegula Baibulo pa Aefeso 5 n'kundiwerengera zoti akazi azigonjera amuna awo. Anati ndine wodzikuza, ndikufuna kuwavula pagulu, ndipo ngati sindimvera ndilongedze ndizipita kwathu. Chikwatiranire sanandimenyepo, koma tsiku limenelo anamenya tebulo mpaka kapu inagwa n'kusweka. Masiku ano nsima yanga sakudya.

Azakhali, pa chilangizo anandiuza kuti mwamuna ndi mutu, za m'nyumba sazitulutsa kunja, banja ndi kupirira. Ndayesetsa kusunga zimenezi zaka zonsezi. Ndimawakonda ndipo sindikufuna amangidwe. Koma ndikagwada kuti ndipemphere, mawu sakutuluka. Kodi kukana kwangaku ndi kudzikuza? Mulungu akufuna ndimvere ndani? Ine ndine wamantha, ngakhale akandiloza kuti nditsekere ndi pemphero pagulu ndimanjenjemera.

Wosowa tulo, Kasungu

Mwana wanga,

Ndiyamba ndi mnyamata wogona m'khitchiniyo. M'kalata yanu yonse ndi iye yekha amene sakudziwa kanthu, koma ndi iye amene wakhala pafupi kwambiri ndi moto. Bodza la akuba siliyenda lokha, limafuna wakuba. Loko akathyoka, maso a anthu sadzapita kwa bambo a jekete amene amakhala pabenchi lakutsogolo Lamulungu lililonse. Adzapita kwa mwana wa eni ake, waganyu, wopanda womuyankhulira. Ndipo inu mukudziwa zimene zimachitika kwathu kuno munthu akangokuwa kuti wakuba, makamaka zikamveka kuti ndi ndalama za Mulungu zimene agogo anagulitsira nkhuku. Zibonga ndi miyala zimayamba anthu asanafunse n'komwe. Masiku awiri amene amuna anu akunenawo akhoza kusanduka chilema cha moyo wonse, kapena bokosi lopita kwa mayi ake. Ngakhale atatuluka wamoyo, dzina loti anaba za tchalitchi adzafa nalo. Musanaganize za ulemu wa bambo, ganizani kaye za nthiti za mwana ameneyo.

Musaname. Kukana kwanuko si kudzikuza. Koma poti anakukanthani ndi vesi, tiyeni titsegule Baibulo lomwelo, chifukwa mawu anga okha sangakupatseni tulo.

Amuna anu anawerenga Aefeso 5 vesi 22. Lilipodi, sindilifufuta, ndipo ine amene ndinakalambira m'banja sindinganene kuti kugonjera n'chinthu chachabe. Koma anachita ngati mwana wotola nyama m'ndiwo n'kusiya masamba. Vesi 21 limauza onse kuti azigonjerana poopa Khristu. Vesi 25 limauza mwamuna kukonda mkazi wake monga Khristu anakondera mpingo mpaka kudzipereka yekha. Khristu anasenza mlandu wa mpingo, pamene amuna anu akufuna mkazi ndi waganyu asenze mlandu wawo. Ndipo akanabwerera m'mbuyo tsamba limodzi lokha, pa mutu 4, akanapeza Paulo yemweyo akuti tayani bodza, aliyense alankhule zoona kwa mnzake, wakuba asabenso koma agwire ntchito ndi manja ake. Kalata ndi imodzi, wolemba ndi mmodzi. Sangaletse bodza pa mutu 4, n'kudzalilola pa mutu 5 bola walamula ndi mwamuna.

Nkhani yanuyi inalembedwa kale pa Machitidwe 5. Hananiya anagulitsa munda, anapatula ndalama zina, zotsalazo n'kukapereka kwa atumwi ngati kuti ndi zonse. Mkazi wake Safira ankadziwa. Petro anamuuza Hananiya kuti mundawo unali wake, ndalamazo zinali m'manja mwake, chimene chinalakwika ndi bodza. Anagwa pomwepo n'kufa. Tsono taonani apa. Patapita maola ngati atatu Safira analowa yekha, osadziwa kuti mwamuna wake amuika kale m'manda. Petro sanamuweruze chifukwa cha tchimo la mwamuna. Anamufunsa funso lakelake: kodi munda munagulitsa pa mtengo wakutiwakuti? Khomo linali lotsegula, akanatha kunena kuti ayi. Iye anati inde, ndipo anyamata omwe anaika mwamuna wake anamunyamulanso iyeyo. M'maso mwa alangizi ena, Safira anali mkazi wabwino: sanatsutse mwamuna wake pagulu, sanatulutse za m'nyumba. Mulungu sanamuwerengere zimenezo ngati kudzichepetsa. M'mutu womwewo, pa vesi 29, Petro ndi anzake ataimikidwa pabwalo la akuluakulu anayankha kuti tiyenera kumvera Mulungu koposa anthu. Amuna anu, ngakhale muwakonde chotani, ali m'gulu la anthu.

Sindikukuopsezani kuti mudzagwa n'kufa pakhomo la tchalitchi. Koma mwanena nokha kuti mukagwada mawu sakutuluka, pamene bodzalo simunanene n'komwe. Nanga mukadzanena? Akhristu adzayambiranso kusonkha, amayi anzanu adzabwerera ku maganyu dzuwa likuswa mtengo, akukupepesani za akuba aja, inu mukuponya nawo K500 m'mbale. Mudzatha zaka zingati chonchi?

Ine bodza lonamira mwamuna ndinalilawapo. Ndili mtsikana m'banja, malemu amuna anga anali ndi ngongole ya matumba awiri a chimanga kwa bambo wina. Tsiku lina mwini ngongole anatulukira panjinga, bambo a kunyumba anathawira kuchipinda n'kundinong'oneza kuti ndinene kuti apita kumsika. Ndinagwada pakhonde mwaulemu wonse n'kunena momwemo. Mwana wanga wachisamba, wa zaka zinayi, akuseweretsa chitini pabwalo, anadzutsa mutu: “Amama, ababa si ali pabedi?” Mlendoyo sanandikalipire. Anangoyang'ana nsapato za amuna anga zili pakhomo, n'kunena kuti, “Zikomo mayi, mudzawauze akabwerako kumsikako.” Ngongole tinabweza, koma kwa zaka zambiri ndikamuona bamboyo ndinkapatuka njira. Ndipo mwana uja anaphunzira tsiku lomwelo kuti mayi ake amanama atagwada. Inu muli ndi ana anayi, wamkulu ali Fomu 3. Mukuganiza kuti sadzazindikira kuti loko anathyoka ndi hamala ya bambo awo?

Mukafuna kuona mkazi wodzichepetsa, tsegulani 1 Samueli 25. Abigayeli anakwatiwa ndi Nabala, mwini nkhosa 3,000 ndi mbuzi 1,000, munthu waukali wosamva za anzake. Nabala ananyoza anyamata a Davide amene anabwera kudzapempha chakudya, Davide n'kunyamuka ndi amuna ngati 400, malupanga m'chiuno, kuti akaphe mwamuna aliyense pakhomopo. Wantchito wina atamutsina khutu Abigayeli, iye sanati ine ndine mkazi, ndidikire bambo alamule. Anasenzetsa abulu mikate 200, nkhosa zisanu zokonzakonza ndi zakudya zina, n'kukakumana ndi Davide panjira, mwamuna wake osamuuza. Atafika anatsika pabulu, anagwa nkhope pansi, n'kupempha kuti mlanduwo ukhale pa iye. Mayi ameneyu anachita zosemphana ndi zofuna za mwamuna wake, koma ndani angati anali wodzikuza? Anagwada pafumbi chifukwa cha uchitsiru umene sanachite iyeyo, ndipo antchito a pakhomopo, anthu onga mnyamata wanu wa m'khitchini, anapulumuka. Chinanso chimene ndimamukondera: atabwerera anapeza Nabala ali paphwando ataledzera, ndipo sanamuuze kanthu mpaka kutacha. Zimene zinamuonekera Nabala pambuyo pake musazipempherere amuna anu, ndapota nanu.

Nanunso ndikutsineni khutu. Fizi ija inalipirira mwana wanu. Pamaliro a apongozi anu munaphika nawo nsima, ndipo mwina mumtima munadabwapo kuti bokosi lokongola chonchi lachokera kuti pamene soya sanagulitsidwe, koma simunafunse. Sindikuti munaba. Ndikungoti musapite kwa amuna anu ngati woweruza wa zovala zoyera, chifukwa nkhuyuzi mwadya nonse ngakhale wothyola anali mmodzi. Kudzichepetsa kumene kukufunika kwa inu n'kowawa kuposa misozi yabodza ya Lachitatu: kuima pambali pa mwamuna wamanyazi, dera lonse likuloza zala, n'kunena kuti awa ndi anga, tibweza.

Amuna anunso ndikuwamvetsa. Si mbava yobadwa nazo. Ndi munthu amene anati ndibwereke pang'ono, ndibweza mawa, monga amayambira ambiri. Chimene chikuwamenyetsa tebulo ndi mantha, akuopa kutsika pabenchi lakutsogolo lija. Wodzikuza m'nyumbamo alipo, koma si inu.

Ndiye chitani chonchi. Musakambe usiku kuchipinda pamene mitima imatentha msanga. Dikirani m'mawa ana atapita kusukulu, muwaikire madzi osamba ndi tiyi monga mwa masiku onse, amwe asamwe. Khalani pansi, mawu otsika, muwauze kuti: “Bambo, ine ndine mkazi wanu ndipo sindikupita kulikonse. Loko musathyole. Mukathyola, abusa akandifunsa ndidzanena zoona. Koma mukafuna kukaulula, ndimanga nsalu yanga nditsagana nanu, manyaziwo tikagawane.” Musawonjezere za mnzawo wa ku Joni, musakumbe za kale, musalalikire. Akakalipa khalani chete, mawa mubwereze mawu omwewo.

Kwa abusa musapite chimanjamanja. Tengani kope ndi cholembera, muwerenge zimene zili pakhomo: mbuzi, njinga, matumba a chimanga opitirira chakudya cha chaka, kaya kamalo kena. K600,000 yotsalayo isachokenso ngakhale tambala, ipite nanu tsiku lomwelo. Zotsalazo mulembe kuti muzibweza zingati pamwezi, zingati mukakolola. Zakeyu atalapa sanangolira, anatchula chimene abweze. Komiti imafewa msanga ikaona ndalama patebulo ndi pepala losayinidwa kusiyana ndi misozi yokhayokha. Katapila ayi, mungatuluke m'dzenje n'kugwera m'chitsime. Za mnzawo wa soya uja, amuna anu akadandaule kupolisi ndi mauthenga a pafoni kapena umboni wina uliwonse umene ali nawo, poti dandaulo limenelo ndi loona. Koma kukanena kupolisi za kuba kumene sikunachitike ndi mlandu pawokha, ndipo udzakhudza inuyo ochitira umboni. Lero wolakwa ndi mmodzi. Lachinayi m'mawa mukhoza kukhala awiri, ana anayi n'kutsala ndi ndani?

Akakana kukumverani, tsatani njira ya pa Mateyu 18: mwalankhula muli awiri, tsopano itanani mmodzi kapena awiri. Ankhoswe ntchito yawo ndi imeneyi, sikungodya nkhuku pa chinkhoswe. Sankhani wa kuchimuna amene amuna anu amamuopa, malume awo kapena akulu awo, osati wolongolola. Alangizi anati za m'nyumba sazitulutsa, n'zoona, koma ndalama za mpingo wonse si za m'nyumba mwanu, zinangogona pansi pa bedi lanu. Zikakanika apo, pitani kwa abusa Lachitatu lisanafike, ndipo amuna anu muwauziretu kuti mukupita. Mnyamata uja musamuthamangitse poganiza kuti mukumuteteza. Akachoka mwadzidzidzi anthu adzati wathawa nazo. Ngati Lachitatu litafika zinthu zisanakonzeke, mumutenge ku mapempheroko akakhale pamene aliyense akumuona.

Sindikunamizani kuti zidzakoma. Udindo adzawachotsa, ndipo n'koyenera. Mwina adzawaimika ku Mgonero kwa kanthawi. Mwina ena m'komiti adzafuna kuti nkhani ipite kupolisi, ndipo ufulu umenewo ali nawo. Amayi ena a m'bungwe lanu adzasiya kukupatsani moni, pamjigo nkhani idzakhala yanu mpaka itabwera ina. Koma Miyambo 28 vesi 13 imati wobisa zolakwa zake sadzaona mwayi, wovomereza n'kuzisiya adzachitiridwa chifundo. Pa zaka zangazi ndaona mipingo ikulandira munthu wobwera yekha kudzaulula. Amene sindinamuone akukhululukidwa msanga ndi wogwidwa atanamizira mwana wa mnzake.

Ndilankhuleko pang'ono ndi mipingo, poti ndikudziwa kuti akuluampingo amawerenga nawo tsamba lino mobisa. Mamiliyoni kuwaika m'sutikesi ya munthu amene ali ndi fizi ndi maliro, zaka zitatu osamuwerengera, ndi kumulowetsa m'mayesero omwe aja timapempha tsiku lililonse kuti Mulungu asatitengereko. Tsegulani akaunti kubanki, osayina akhale awiri kapena atatu, lipoti liziwerengedwa kutsogolo mwezi ndi mwezi. Msungichuma wokhulupirika sangakwiye nazo, adzayamba kugona bwino.

Mwati ndinu wamantha. Petro amene analankhula mawu a pa vesi 29 aja ndi yemwe uja anakana Yesu katatu, koyamba atangofunsidwa ndi mtsikana wantchito. Kulimba mtima sanabadwe nako, kunamupeza pambuyo. Estere asanalowe kwa mfumu anapempha anthu ake asale kudya masiku atatu, ndipo munthu wopanda mantha sachita zimenezo. Inu munakana kale kamodzi, usiku, muli nokha, Baibulo atakutsegulirani kumaso, kapu ikusweka pansi. Wamantha wotero ine ndamukonda. Mawu akakana kutuluka popemphera, gwadanibe, nenani Pemphero la Ambuye lokha, kapena Salimo 56 vesi 3, pamene wolemba akuti tsiku limene ndichita mantha ndidzakhulupirira Inu. Pezaninso mayi mmodzi wachikulire wosunga pakamwa azipemphera nanu sabata imeneyi, ngakhale musamuuze zonse.

Za tebulo lija sindinaiwale. Mwamuna amene sanamenyepo zaka 16 akhoza kuyamba atapanikizika. Dzanja likachoka patebulo n'kubwera pa inu, kapena akakutulutsirani katundu panja, kupirira kwathera pomwepo. Tengani ana mupite kwa nkhoswe wanu, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yothandiza nkhani za m'banja. Dziko lino lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kuyambira 2006, ndipo khoti likhoza kupereka chiletso chokutetezani. Yesu mwini, mmodzi wa alonda atamumenya khofi pamaso pa mkulu wa ansembe, sanangowerama, anafunsa kuti ngati ndanena bwino ukundimenyeranji. Zoti mulongedze muzipita kwanu, musalongedze nokha. Wofuna kuthetsa banja akafotokoze chifukwa chake pamaso pa ankhoswe, ndipo ndikukayika ngati amuna anu angakaime n'kunena kuti ndikumusiya chifukwa wakana kunama.

Nsima pitirizani kuphika, muziwaikira patebulo monga kale. Mundilemberenso Loweruka la komitilo likadutsa, mundiuze ngati kwa abusa munapita awiri kapena nokha, komanso kumene mnyamata uja anagona Lachitatu usiku.

Azakhali